Ndani Ali ndi Mphamvu Yokhululuka Ngongole ya Wophunzira?



Nkhani yomwe ndabwera nayo ndi ya ngongole. Sindikunena ya katapila kapena ya banki mkhonde ayi, koma ija amasainira mwana wa zaka 18 kapena 19, yemwe sanagwirepo malipiro m'manja mwake, kuti alipire fizi, apeze pogona ndi chakudya ku yunivesite. Ku United States of America anthu pafupifupi 43 miliyoni ali ndi ngongole yotereyi ku boma lawo, ndipo yonse pamodzi ikuposa madola 1.6 thiriliyoni. Tikati 43 miliyoni, ndiye kuti Amalawi tonse, kuyambira khanda mpaka agogo, kuwirikiza pafupifupi kawiri. Kwa zaka zingapo tsopano dzikolo lakhala likukokanakokana pa misonkhano ya ndale, m'nyumba ya malamulo ndi m'makhoti pa funso limodzi: kodi ngongolezi zikhululukidwe, nanga wozikhululuka ndani?

Maganizo anga ndiwanene poyamba pomwe, kuti muzinditsutsa mumtima pamene ndikuyankhula. Ndimakhulupirira kuti pali ngongole za ophunzira zomwe boma lachilungamo liyenera kufafaniza. Koma chifundo chimenecho chiyenera kulembedwa m'lamulo, aphungu atakambirana poyera, mwana asanasaine. Chifundo chodalira cholembera cha mtsogoleri mmodzi chimabwera ndi chisankho n'kupitanso ndi chisankho, ndipo wovulala amakhala yemwe uja amafuna kuthandizidwayo.

Tiyambe ndi momwe ngongole inakulira chotere. Boma la America linayamba kukongoza ophunzira mu 1958, litadzidzimuka kuona Soviet Union itaponya chombo cha Sputnik mlengalenga chaka cham'mbuyo mwake. Mu 1965 Pulezidenti Lyndon Johnson, yemwe pa unyamata wake anaphunzitsapo ana a amphawi ku Cotulla m'chigawo cha Texas, anasaina lamulo la Higher Education Act lomwe ndi maziko a ngongolezi mpaka lero. Mu 1972 panabwera thandizo losabweza la ana ochokera m'mabanja osauka, lomwe lero limatchedwa Pell Grant. Chapakati pa zaka za m'ma 1970, thandizoli linkakwanira kulipira magawo atatu mwa anayi a zonse zofunika pa yunivesite ya boma. Lero silifika ngakhale gawo limodzi mwa atatu. Maboma a zigawo anachepetsa ndalama zopita ku mayunivesite, makamaka chuma chitagwedezeka mu 2008, mayunivesite n'kukweza fizi, ophunzira n'kukongola zambiri. Katundu yemwe kale ankasenzedwa ndi dziko lonse kudzera m'misonkho anasunthira pang'onopang'ono pamutu pa wophunzira.

Kuti mumvetse mkwiyo wa okongolawa, tiyeni tiwerengetsere limodzi. Tingoyerekeza mtsikana yemwe wamaliza digiri ali ndi ngongole ya madola 30,000, chiwongoladzanja chake 6 pa 100 iliyonse pachaka. Pachaka chiwongoladzanjacho ndi madola 1,800, pamwezi 150. Ntchito yomwe wapeza ndi ya malipiro ochepa, ndiye boma lamulola kumapereka madola 100 pamwezi. Mwezi uliwonse amapereka mokhulupirika, koma mwezi uliwonse ngongole imakwera ndi madola 50. Zaka khumi zikatha wapereka madola 12,000, ndipo akayang'ana pa kalata yake apeza kuti tsopano akufunidwa 36,000. Mtsikanayu sanathawe ngongole, sanadumphe ngakhale mwezi umodzi. Anthu mamiliyoni ku America akhala m'moyo woterewu.

Khomo lothawira nalo linatsekedwa. Ku America munthu yemwe wagwa pa chuma amatha kupita ku khoti n'kumasulidwa ku ngongole za bizinesi, za chipatala ngakhale za makhadi a ku banki. Ngongole ya sukulu ndiye ayi. Nyumba ya malamulo ya Congress inayamba kupanikiza khomoli mu 1976, inalitseka kwambiri mu 1998, ndipo mu 2005 inawonjezapo ngongole za sukulu zochokera ku mabanki omwe si a boma. Chatsala ndi kampata kakang'ono kofuna umboni wa umphawi wadzaoneni, komwe ochepa okha ndiwo amadutsapo.

Kenaka kunagwa mliri wa Covid-19. Mu Malichi 2020 boma la Pulezidenti Donald Trump linaimitsa kubweza ngongolezi ndi chiwongoladzanja chomwe, ndipo kupumako kunawonjezeredwa kangapo mpaka kupitirira zaka zitatu. M'kati mwa nthawiyo aphungu ena a chipani cha Democratic, monga Elizabeth Warren ndi Chuck Schumer, ankakakamiza Pulezidenti Joe Biden kuti afafanize madola 50,000 pa munthu aliyense. Pa 24 Ogasiti 2022 a Biden analengeza zocheperapo: madola 10,000 kwa aliyense wolandira ndalama zosafika 125,000 pachaka, ndi madola 20,000 kwa omwe analandirapo Pell Grant. Ofesi yowerengera ndalama ya Congress inati zimenezi zidya pafupifupi madola 400 biliyoni. Fomu yake inali yaifupi, yodzaza pa foni m'mphindi zochepa. Anthu pafupifupi 26 miliyoni anadzaza, 16 miliyoni anavomerezedwa, ndipo ambiri analandira uthenga wochokera kwa nduna ya zamaphunziro Miguel Cardona wowauza kuti pempho lawo latheka, angodikira milandu ya ku khoti. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Palibe ngakhale dola imodzi yomwe inafafanizidwa pa ndondomekoyi.

Tisanafike ku khoti, timve mbali zonse ziwiri za mkangano wa ndale, pakuti mbali iliyonse ili ndi mfundo yomwe inzake safuna kuimva.

Otsutsa, makamaka a chipani cha Republican, amati ngongole ya boma siifa, imangosintha woilipira. Akuluakulu ambiri ku America alibe digiri ya zaka zinayi. Nanga bwanji woyendetsa thiraki, wowotcherera zitsulo kapena wogulitsa m'sitolo akhome msonkho wofafanizira ngongole ya munthu yemwe adzalandira zoposa iye moyo wake wonse? Nanga uja anadzimana, n'kumagwira ntchito ziwiri mpaka kumaliza ngongole yake, auzidwe chiyani? Amatinso kukhululuka lero sikutsitsa fizi ya mawa: wolowa yunivesite chaka chamawa akongola chimodzimodzi, mwinanso zambiri poyembekezera kuti naye adzakhululukidwa, ndipo mayunivesite sadzaona chifukwa chochepetsera mitengo. Ganizo loti thandizo la boma limalimbikitsa mayunivesite kukweza fizi linatchuka ndi William Bennett, nduna ya zamaphunziro ya Pulezidenti Ronald Reagan, mu 1987.

Ochirikiza nawo amayankha kuti chithunzi cha dokotala kapena loya wolemera n'chosocheretsa. Omwe amalephereratu kubweza kawirikawiri ndi a ngongole zing'onozing'ono, omwe anasiyira sukulu panjira chifukwa cha matenda, mimba kapena umphawi: ngongole ali nayo, digiri alibe. Ophunzira achikuda, omwe makolo awo anamanidwa mwayi wodziunjikira chuma kwa mibadwo yambiri, amakongola zambiri ndipo amachedwa kumaliza kubweza. Amakumbutsanso kuti nthawi ya mliri womwewo boma linakongoza amabizinesi pafupifupi madola 800 biliyoni pa ndondomeko ya Paycheck Protection Program, ndipo zochuluka mwa ngongolezo zinakhululukidwa popanda phokoso, aphungu ena omwe ali ndi mabizinesi n'kupindula nawo.

Mfundo yomalizayi ndi yolasa, koma taonani kusiyana kwake. Kukhululuka kwa amabizinesi kunalembedwa m'lamulo ndi Congress kuyambira tsiku loyamba. Kwa ophunzira kunalibe lamulo latsopano. A Democratic anali ndi mipando yongokwanira m'nyumba zonse ziwiri mu 2021 ndi 2022, ndipo mavoti odutsitsira bilu yotere analibe. Choncho boma linapita kukafukula lamulo lakale, HEROES Act ya 2003, lomwe linapangidwa nthawi ya nkhondo za ku Afghanistan ndi Iraq poganizira makamaka asilikali. Lamuloli limalola nduna ya zamaphunziro kuchotsa kapena kusintha malamulo a ngongole pa nthawi ya nkhondo kapena ya ngozi yogwera dziko lonse. Boma linati mliri ndi ngozi yotero, ndipo linali litagwiritsa kale ntchito lamulo lomweli poimitsa kubweza.

Zigawo zisanu ndi chimodzi zinakamang'ala ku khoti: Nebraska, Missouri, Arkansas, Iowa, Kansas ndi South Carolina. Mlandu wa Biden v. Nebraska unafika ku Supreme Court, ndipo unali ndi mafunso awiri.

Loyamba: kodi zigawozi zapwetekedwa pati? Ku America sungasumire boma chifukwa chongoipidwa ndi mfundo yake. Uyenera kuonetsa bala lako. Apa Missouri inaloza bungwe la MOHELA, lomwe chigawocho chinakhazikitsa ndipo limalipidwa ndi boma lalikulu posamalira maakaunti a okongola. Maakaunti akatsekedwa, MOHELA ikanataya pafupifupi madola 44 miliyoni pachaka. Chodabwitsa n'chakuti MOHELA yeniyeniyo sinasume, ngakhale ili ndi mphamvu zosuma payokha. Oweruza ambiri anati bala la MOHELA ndi bala la Missouri. Woweruza Elena Kagan anakana kwamtuwagalu, nati khoti lalola mlendo kulira maliro eni ake asakulira, ndi cholinga choti lilowerere nkhani ya ndale. Umu ndi m'mawu anga, koma mfundo yake inali imeneyo.

Lachiwiri: kodi mphamvu yochotsa kapena kusintha malamulo a ngongole ikufika pofafaniza madola pafupifupi 400 biliyoni aja? Pa 30 Juni 2023, oweruza 6 anati ayi, atatu anati inde. Mkulu wa oweruza John Roberts analemba kuti kusintha ndi kukonza pang'ono, osati kugumula nyumba n'kumanga ina. Anatsamiranso pa mfundo yomwe khotilo linalimbitsa mu 2022 pa mlandu wa West Virginia v. EPA, yoti nkhani ikakhala yaikulu kwambiri pa chuma ndi pa ndale, nduna siingadzipatse mphamvu kuchokera m'mawu otambalala. Congress iyenera kunena mosapsatira. Anakumbutsa ngakhale zomwe Nancy Pelosi, yemwe anali sipikala wa nyumba ya malamulo wochokera ku chipani cha a Biden chomwecho, ananena mu 2021, kuti pulezidenti angathe kuchedwetsa ngongole koma kukhululuka ndi ntchito ya Congress. A Kagan, mothandizidwa ndi Sonia Sotomayor ndi Ketanji Brown Jackson, anayankha kuti Congress inasankha dala mawu otambalala chifukwa ngozi siidziwika kukula kwake isanagwe, ndipo kuti oweruza osasankhidwa ndi anthu alanda chiganizo m'manja mwa osankhidwa.

Ine ndikuona kuti pa funso loyamba a Kagan anali ndi mfundo yolimba. Koma ngakhale mutagwirizana nawo pa mafunso onse awiri, vomerezani kuti chiyembekezo cha anthu 26 miliyoni chinapachikidwa pa kamtambo kowonda. Aliyense ankadziwa momwe khotilo lilili. Ndipo wokonda mphamvu zotambalala za pulezidenti lero ayenera kudzifunsa ngati adzazikondebe zikadzakhala m'manja mwa pulezidenti yemwe samufuna.

Boma silinagonje. Linabweretsa ndondomeko ya SAVE, yomwe inatsitsa zopereka pamwezi molingana ndi malipiro a munthu, inaletsa ngongole kukula ngati ya mtsikana uja, ndipo inalonjeza kufafaniza zotsala pakatha zaka khumi kwa omwe anakongola madola 12,000 kapena kucheperapo. Anthu pafupifupi 8 miliyoni analowamo. Mu 2024 zigawo zolamulidwa ndi a Republican zinasumanso, makhoti anaika ziletso, ndipo anthu aja anakhala m'malere osadziwa zoti apereke. A Trump atabwerera pampando, boma linayambanso mu Meyi 2025 kulondola olephera kubweza, ndipo lamulo lomwe anasaina pa 4 Julayi 2025 linakonza zothetsa SAVE, kuika malire pa zomwe ophunzira a madigiri apamwamba ndi makolo angakongole, ndi kukhazikitsa njira ina yobwezera. Mungalikonde kapena kulida lamulolo, koma linadutsa m'nyumba ya malamulo, ndipo n'chifukwa chake kuligwetsa n'kovuta.

Tsopano mverani mbali yomwe siimveka kwambiri. M'zaka zinayi zomwezo, boma la a Biden linakhululuka madola oposa 180 biliyoni kwa anthu oposa 5 miliyoni, ndipo kukhululuka kumeneku kunagwira. Kunadutsa m'makomo omwe Congress inatsegula kale.

Khomo lina ndi Public Service Loan Forgiveness, lamulo la 2007 lomwe anasaina Pulezidenti George W. Bush wa Republican. Limati mphunzitsi, namwino, msilikali kapena wina aliyense wogwira ntchito m'boma kapena m'bungwe losapanga phindu, akapereka miyezi 120, zotsala zifafanizidwe. Oyamba anakwanitsa zaka khumi mu 2017, ndipo mwa mapempho 100 aliwonse pafupifupi 99 anakanidwa. Taganizirani mphunzitsi yemwe wakhala zaka khumi m'kalasi ya ana a amphawi, akukana ntchito za malipiro abwino chifukwa cha lonjezoli, n'kulandira kalata yoti ngongole yake ndi ya mtundu wina, kapena anaikidwa pa njira yobwezera yosayenera, choncho miyezi yake yonse siikuwerengedwa. Ambiri sanauzidwe zimenezi ndi makampani osunga maakaunti awo. Boma litakonza kawerengedwe, okhululukidwa anachoka pa anthu pafupifupi 7,000 kufika pa oposa miliyoni imodzi. Apa boma silinapatse munthu mphatso; linangobweza ngongole yake ya lonjezo.

Khomo lina ndi la onamizidwa. Makoleji abizinesi monga Corinthian Colleges, yomwe inagwa mu 2015, ndi ITT Technical Institute, yomwe inatsekedwa mu 2016, ankakopa amphawi, amayi olera okha ana ndi asilikali opuma ndi ziwerengero zabodza za omaliza maphunziro opeza ntchito. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu Juni 2022 boma linafafaniza madola 5.8 biliyoni a anthu 560,000 omwe anaphunzira ku Corinthian. Palinso makomo a olumala osathanso kugwira ntchito, ndi a omwe abweza zaka 20 kapena 25 molingana ndi malipiro awo.

Mayiko ena anasankha kulemba chifundo m'pangano lenilenilo. Australia kuyambira 1989 imadula ngongole ya sukulu kudzera ku msonkho, ndipo munthu sayamba kubweza malipiro ake asanafike pa mlingo woikika. Mu 2025, itafuna kuchotsa 20 pa 100 iliyonse ya ngongolezi, inapita ndi bilu ku nyumba ya malamulo. Ku England ngongole yotsala imafafanizidwa pakatha zaka zoikika, monga 30 kapena 40, malinga ndi chaka chomwe munthu analowera. Wosaina amadziwiratu polowera ndi potulukira.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Kuno kwathu tili ndi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 2015, ndipo lina mwa maudindo ake ndi kutolera ngongole zakale, zina za m'zaka za m'ma 1980. Chuma chathu si cha America. Thumba lathu ndi lozungulira: yemwe ali pantchito yabwino koma sabweza akumana mwana wa mlimi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa yemwe wasankhidwa kupita ku yunivesite koma alibe fizi. Kwa otere ndilibe mawu ena koma oti bwezani. Koma tilinso ndi omaliza maphunziro omwe akuyenda ndi maenvulopu a khaki ofesi ndi ofesi, chaka ndi chaka, osapeza ntchito. Tsiku lidzafika, mwina pafupi ndi chisankho, pomwe wandale adzaimirira pa nsanja n'kulonjeza kukhululuka zonse. Anzathu a ku South Africa anaona mu Disembala 2017 Pulezidenti Jacob Zuma akulengeza maphunziro aulere kwa ana a mabanja osauka patatha zionetsero za ophunzira zomwe zinayamba mu 2015, ndipo mutu wopeza ndalama zake unagwera omwe anabwera pambuyo pake.

Choncho ndikupempha zinthu zinayi kwa aphungu athu, kwa oyendetsa mayunivesite ndi kwa inu ophunzira.

Choyamba, kubweza kuyendere malipiro. Wosapeza kanthu asapereke kanthu, ndipo ngongole yake isakule pa nthawiyo. Wopeza zambiri apereke msanga.

Chachiwiri, lamulo linene momveka omwe angakhululukidwe: wolumala, womwalira kuti banja lake lisasautsidwe, wonamizidwa ndi koleji yosavomerezeka, ndi mphunzitsi, namwino kapena dokotala yemwe watumikira zaka zoikika kumadera komwe ena amakana kupitako.

Chachitatu, kaundula asungidwe bwino, ndipo wokongola aliyense azitha kuona pa foni yake zomwe wapereka ndi zomwe zatsala. Lonjezo la 2007 ku America linatsala pang'ono kufera m'mafayilo, osati m'khoti.

Chachinayi, pokambirana za kukhululuka tisaiwale mtengo wa maphunzirowo. Fizi ikamakwera chaka ndi chaka boma likuchepetsa gawo lake, ngongole yomwe tafafaniza lero idzabadwanso mwa ang'ono athu.

Ndipo inu ophunzira, wina akadzakulonjezani kuti ngongole zanu adzazifafaniza, musathamangire kuwomba m'manja. Mufunseni mafunso atatu: mudzagwiritsa ntchito lamulo liti, ndalama zake zidzachokera kuti, nanga mng'ono wanga wobwera chaka chamawa mwamukonzera chiyani? Akayankha bwino, muuzeni apite nazo ku nyumba ya malamulo zikalembedwe, ndipo inu mukatsatire mpaka zitadutsa.